Udzudzu wa M'pikapu ya Apongozi

Pikapu ya apongozi anga inali ndi udzudzu m'wailesi. Ndi mmene anthu a kwathu kumtunda kwa Magaleta ankanenera, ndipo sankanama. Ukaliza injini n'kutsegula wailesi, m'masipika munkatuluka kaphokoso kopyapyala, nyiii, kamene kankakwera ukaponda mafuta n'kutsika ukachotsa phazi. Pachitunda kankalira ngati kakuphedwa. Ukasintha giya kankapumira pang'ono n'kuyambiranso. Ukatsitsa wailesi mpaka pansi oimba ankakhala chete, koma iko ayi, kankatsala kokha m'galimotomo. Ine kankandinyansa koopsa.

Ndinene kaye za ine, kuti mudziwe kumene matama anga anachokera. Ndisanakwatire ndinagwira ntchito zaka zingapo ku Limbe, m'kashedi kena kumene tinkamangirira mawailesi ndi masipika m'maminibasi. Ntchito imeneyo ndinkaidziwa, sikuti ndikudzichemerera. Minibasi ikatuluka m'manja mwanga nyimbo zinkamveka mbee, ndipo bwana wathu akamva kaphokoso ngati kameneka ankakubweza kuti umasule zonse uyambirenso. Kenako ntchito inatha, monga zimathera ntchito za m'tauni, ndipo ndinatsata mkazi wanga kwawo ku Neno kudzakhala chikamwini. Munda unali wa mkazi wanga. Nyumba inali pamalo a amayi ake. Ngakhale khasu limene ndinkalimira ndinalipeza pomwepo. Changachanga chimene ndinabwera nacho chinali kachikwama ka zipangizo ndi zimene zinali m'mutu mwanga, basi. Ndiye taganizani, tsiku ndi tsiku ndinkakhala m'galimoto imene inkandinyoza pa chinthu chimodzi chokhacho chimene ndinkachidziwa.

Apongozi, bambo a mkazi wanga, anali munthu wamtali, wosalankhulalankhula, wokonda tiyi wa shuga wambiri. Masupuni atatu m'kapu imodzi, ndipo ukawaikira awiri ankadziwa asanamwe n'komwe, pongomva mmene wavundulira. Pikapuyo anaiyendetsa zaka zambiri, kunyamula mbatata ya kachewere ndi manachesi kutsika nazo kumisika, pobwerera feteleza ndi malata a anthu. Amayi oyembekezera a m'midzi yathu ambiri anapita kuchipatala atagona kumbuyo kwake. Kenako ng'ala inawagwira. Linayamba diso lamanzere, lamanja n'kutsatira, mpaka anafika pongosiyanitsa kowala ndi kwamdima. Tsiku lina anandiitana pakhonde, nandipatsa makiyi popanda mawu ambiri. Koma mpando wa pambali pa dalaivala sanaupereke kwa munthu. Ulendo uliwonse ankakhalapo, chipewa pamaondo, wailesi yotsegula.

Ndipo ankayendetsabe, kungoti ndi makutu. Ndikamakwera chitunda udzudzu uja ukafika pamwamba, ankangoti, "Akamwini, yachitatu." Ndikachedwa kubwezera giya potsetsereka, ankati, "Yachiwiri apa, kutsogoloku kuli mlatho wa matabwa." Mlathowo unkakhaladi pomwepo. Msewu wonse wotsikira ku Lisungwi anali nawo m'mutu, ndipo udzudzuwo ndi umene unkawauza pamene tafika, chifukwa chitunda chilichonse unkachilirira mosiyana. Anthu okwera kumbuyo ankadabwa nazo, ena mpaka kumanong'ona zamankhwala. Ine zinkandiwawa. Munthu wamkulu, wandevu zanga, kumauzidwa giya ndi munthu wosaona pamaso pa amayi ogulitsa tomato! Ndinkangoti, "Chabwino, bambo," uku mano ali gwa.

Mwana wathu woyamba, wamkazi, anabadwa maso a apongozi atayera kale. Anali mdzukulu wawo woyamba wa pakhomopo, popeza ana awo ena onse ali kutali. Ankamunyamula m'mawa uliwonse pakhonde, n'kumamuyeza m'manja. "Akulemera," ankatero. "Koma ndikungomva kulemera kokha. Kodi mphuno yake ndi ya kwathu kapena ya kwa akamwini?" Amayi a mkazi wanga ankayankha kuti ndi ya kwawo, mkazi wanga ankati ndi yanga, iwo n'kupukusa mutu. "Nonsenu mukundinamiza. Ndidzadzionera ndekha."

Sanali mawu ongodzitonthoza nawo. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu anabweretsa uthenga wakuti madokotala a maso adzabwera kuchipatala cha ku Lisungwi kudzapala ng'ala, masiku awiri okha, kumayambiriro kwa dzinja. Tinapita nawo kukawayeza, ndipo dzina lawo linalembedwa pa tsiku lachiwiri, m'mawa, chifukwa masana ake madokotalawo ankabwerera. Koma anawachenjeza kuti shuga wawo wa m'magazi anali wokwera, ndipo akapanda kutsika sadzawapala. Kuyambira tsiku limenelo apongozi anasiya shuga. Miyezi itatu yathunthu anamwa tiyi wosathira kanthu, nkhope itakwinyika, koma osadandaula. Analamulanso kuti pa tsikulo mkazi wanga ndi mwana adzapite nawo, adzagone kwa achibale kumunsiko, kuti m'mawa mwake pomasula bandeji mwanayo adzakhale patsogolo pawo. Pakhomo ponse tinkadziwa chimene tikudikira, ndipo chimene ndinapatsidwa ine chinali chimodzi, kuwafikitsa ku Lisungwi nthawi yabwino.

Kutatsala milungu iwiri, tikuchokera kumsika, ndinalephera kupirira. Ndinati, "Bambo, kaphokoso aka ndingathe kukachotsa. Ndi ntchito ya tsiku limodzi. Kwaya mudzidzaimva bwinobwino."

Tinawoloka mlatho wa matabwa uja. Kenako anati, "Akamwini, nyale yofiira ya batire pa dashibodipo munaionapo itayaka?"

Ndinati ayi.

"Inafa kalekale, makoswe anadya mawaya. Udzudzu umenewu ndi alitaneta, ija imadyetsa batire moto injini ikamazungulira. Ukamalira ndiye kuti batire ikudya. Ukayamba kudukiza ndiye kuti mabulashi, timakala tating'ono tija ta m'kati mwake, akutha. Tsiku limene udzakhale chete, muime pomwepo, mutsegule boneti, muigogode alitanetayo ndi sipana. Imadzuka, n'kukufikitsani kunyumba. Kawiri konse wandipulumutsa udzudzu umenewu."

Zimene ankanenazo ndinkazidziwa. Aliyense womanga mawailesi amadziwa kuti kaphokoso kokwera ndi kutsika limodzi ndi injini kamachokera ku alitaneta, n'kudutsa m'waya wa moto kulowa m'wailesi. Koma ife tinaphunzitsidwa kuti kameneko ndi chilema, ndipo sindinkafuna kumva munthu akukatcha mlonda. Ndinati, "Ndiye tikonze nyaleyo, bambo. Galimoto zonse zimayendera nyale."

"Mukaikonza muziiona ndinu," anatero. "Ine ndiziiona ndi chiyani?"

Tili pafupi kufika kunyumba anawonjezera kuti, "Masiku ano ndikuumva ngati ukudukiza pang'ono m'mawa. Mukapita ku Mwanza mudzagule mabulashi, tisinthe tisanapite kumunsi."

Ku Mwanza ndinapitadi Loweruka lotsatira, ndekha, ndi matumba a mbatata. Mabulashi ndinafunsa m'sitolo imodzi, anati atha. Yachiwiri inali kutsidya kwa msewu, ndinkaiona ndi maso angawa. Koma ndisanawoloke ndinakumana ndi dalaivala wina wa kwathu, munthu wa pakamwa, ali ndi anzake pamthunzi. Anakuwa kuti, "Eee, afika a udzudzu! Eti ndinu aja munkamanga mawailesi ku Limbe? Kapena munkangosesa m'shedimo?" Onse anaseka, mpaka wina kugwira pamimba. Inenso ndinaseka, koma makutu ankatentha. M'malo mowoloka msewu ndinakhotera kwa ogulitsa zamagetsi, n'kugula kafyuluta kotchinga phokoso pa waya wa moto, waya watsopano wokhuthala, ndi fyuzi. Ndinadziuza kuti mabulashi ndidzagula ulendo wina, sangathe lero ndi lero. Kunyumba ndinanena kuti m'masitolo mulibe, ndipo apongozi anangoti, "Oo."

M'mawa mwake, Lamulungu, onse anapita kutchalitchi, ine ndinati mutu ukundiwawa. Atangozimiririka kuseri kwa nsungwi ndinatulutsa kachikwama kanga. Ndivomereze, tsiku limenelo ndinasangalala. Manja anga anakumbukira zonse. Ndinayamba ndi kuzula waya wa eriyo kuti ndione ngati phokoso likulowera kumeneko, koma udzudzu unangolirabe. Ndinatulutsa wailesi m'malo mwake n'kupeza zimene ndinkayembekeza. Waya wa ethi, uja wolumikiza wailesi ku chitsulo cha galimoto, anaumangirira pa kabawuti kadzimbiri kuseri kwa dashibodi, ukungogwedera. Waya wa moto anaulumikiza mopotokola ku waya wina wochokera ku injini, n'kukulunga ndi pepala la pulasitiki. Mawaya a masipika anali atapiringizana ndi onsewo ngati chisa cha mbewa. Ndinatukwana mmisiri amene anachita zimenezo, podziwa bwinobwino kuti anali apongozi.

Ndinapala chitsulo cha galimoto ndi sandipepa mpaka chinawala, n'kumangapo ethi yatsopano, yaifupi, yothina. Nditaliza injini udzudzu unali utachepa ndi theka. Ndinakoka waya watsopano wa moto kuchokera pa batire penipeni, ndi fyuzi yake, n'kuudutsitsa mbali ina, mawaya a masipika mbali ina, kuti asayandikane. Panatsala kamawu kakang'ono, koti uchite kutchera khutu. Pomaliza ndinaika kafyuluta kaja pafupi ndi wailesi. Ndinaliza injini, ndinaponda mafuta mpaka nkhuku zinathawa pabwalo. Zii. Ndinatsitsa wailesi mpaka pansi, ndinapondanso. Zii. Ndinakhala m'galimotomo ndekha ndikumwetulira ngati chitsiru. Nyale ya batire ndinaiyang'ana, ndinaona kuti ifunika kumasula dashibodi yonse, ndinati imeneyo ndidzaiona mawa.

Mkazi wanga ndinamuonetsa madzulo ake. Anamvetsera kwaya ija, yoyera bwino, ndipo sanamwetulire. Anandifunsa kuti, "Bambo mwawauza?"

"Ndikufuna adzadabwe pa ulendo. Ndi mphatso."

"Mphatso ya ndani?" anatero, n'kutuluka kukayamwitsa mwana.

Sabata imeneyo apongozi sanakwere galimoto. A kuchipatala anali atawauza kuti apume, asadzitopetse tsiku lisanafike. Ine ndinayenda maulendo atatu ndekha, wailesi ili pamwamba, mawindo otsegula kuti dalaivala wa pakamwa uja amve. Ndi m'masiku amenewo mmene alitaneta inasiyira ntchito. Lolemba kapena Lachiwiri, pachitunda chiti, sindidzadziwa. Panalibe chondiuza. Batire inkangodya zimene inasunga, ine ndikuimba nawo nyimbo.

Tsiku la ulendo kunacha ndi nkhungu komanso mvula yowaza. Apongozi anavala jekete yawo yakutchalitchi ndi tayi, ngati akupita kukakumana ndi munthu wolemekezeka. Amayi a mkazi wanga anatsala kuti ayang'anire pakhomo. Kutsogolo tinapanikizana anthu atatu ndi mwana: ine, mkazi wanga pakati mwana ali pamiyendo, apongozi kuwindo. Nditapotokola kiyi sitata inazungulira mwaulesi, kawiri, n'kusiya. Ndinati ndi kuzizira. Pikapuyo tinkaiimika potsetsereka, ndiye ndinangomasula buleki, inagubuduka, ndinaiponyera giya, inalira. Ndinayatsa magetsi chifukwa cha nkhungu, ndinayatsa mawaipa, kenako monyadira ndinatsegula wailesi.

Tinayenda mpaka kudutsa mabulugamu a kusukulu. Ndinkawayang'ana apongozi m'mbali mwa diso. Anapendeketsa mutu, monga ankachitira, kudikira. Ndinasintha giya, iwo anapendeketsanso mutu.

"Akamwini, imani. Udzudzu wasiya."

"Sunasiye wokha, bambo. Ndinauchotsa ine Lamulungu. Tamvani mmene kwaya ikumvekera."

Mkazi wanga anayang'ana pansi, n'kuyamba kukonzakonza chipewa cha mwana chimene chinali bwinobwino.

"Sitata ija sinandisangalatse," anatero apongozi. "Taimani pang'ono, tiigogode alitaneta. Sizitenga nthawi."

"Kukugwa mvula, bambo, ndipo tachedwa kale. Galimoto ili bwino. Ndayenda nayo sabata yonse."

Akanakhala bambo anga ondibereka, akanandikalipira mpaka ndikanaima. Koma mpongozi sakangana ndi mkamwini pamaso pa mwana wake, amanena kamodzi n'kusiya. Ndinkazidziwa zimenezo, ndipo ndinazigwiritsa ntchito. Anabwezera chipewa pamaondo. Tsiku limenelo sanandiuze giya ngakhale imodzi. Pa mlatho wa matabwa matayala atagunda, anadzidzimuka n'kugwira chitseko, chifukwa sankadziwa kuti tafika pamenepo. Apo m'pamene ndinaona koyamba kuti ndanyamula munthu wakhungu.

Mawaipa ndi amene anayamba. Ankapita ndi kubwera mochedwa, ngati atopa. Kenako wailesi inazima, n'kuyaka, n'kuzimanso. Ndinathimitsa magetsi mofulumira, koma ndinali nditachedwa. Tikutsikira m'chigwa china chokhala ndi kamtsinje pansi pake, injini inakhosomola, inagwedezeka, n'kuzima. Tinagubuduka mpaka pansi penipeni, pamene msewu umayamba kukwera mbali zonse ziwiri, ndipo tinaima. Ndinapotokola kiyi. Panangomveka kakuti tiki.

Ndinatsika, ndinatsegula boneti, ndinatenga sipana n'kuyamba kugogoda alitaneta, mvula ikulowa m'khosi. Ndinagogoda mpaka dzanja linachita dzanzi. Apongozi anatsitsa galasi n'kunena mofatsa kuti, "Isiyeni, akamwini. Imadzuka injini ikamalira, batire ili ndi kamoyo. Pano mukungoipweteka."

Pamalopo panalibe nyumba pafupi, ndipo foni sinkagwira. Msewu umenewo mvula ikagwa galimoto siziyenda kawirikawiri. Tinadikira pang'ono, sikunabwere kanthu. Ndinawasiya atatuwo m'galimoto n'kuyamba kukwera chitunda wapansi, matope akundivula nsapato. Ndinathamanga, ine amene sindinathamangepo chichokereni kusukulu. Pamwamba foni inagwira kadontho kamodzi. Ndinaimbira wa njinga yamoto wina amene ndinkamudziwa, anati ali kutali ndi kasitomala. Wachiwiri sanayankhe. Wachitatu anavomera, koma anati adikire kaye mvula ichepe, chifukwa njira yoterera ngati imeneyo sanganyamulepo munthu wokalamba. Ndinamuchonderera, ndinamutukwana, ndinamuchondereranso. Pomaliza ndinaimbira dalaivala wa pakamwa uja, manyazi onse nditawameza, kuti abweretse batire. Anali ku Mwanza.

Nditabwerera kugalimoto dzuwa linali litakwera kuseri kwa mitambo. Ndinawapeza apongozi atanyamula mwana, akumuuza mayina a midzi yonse ya mumsewuwo, umodziumodzi, kuyambira kwathu mpaka ku Lisungwi. Mwanayo ankawakoka tayi. Mkazi wanga sanandiyang'ane. Apongozi anafunsa nthawi, ndinawauza, anagwedeza mutu n'kupitiriza midzi ija pamene analekezera.

Wachitatu uja anabwera ndi mnzake, njinga zamoto ziwiri, masana atayandikira. Apongozi tinawakhazika pakati, woyendetsa kutsogolo ine kumbuyo nditawakumbatira, koyamba m'moyo wanga kuwagwira thupi. Anali opepuka kuposa mmene ndinkaganizira. M'malo oterera tinkatsika n'kuwayendetsa pang'onopang'ono, nsapato zawo zakutchalitchi zikumira m'matope. Pachipatala tinafika dzuwa litapendeka. Pakhonde panali anthu okalamba angapo, aliyense ndi bandeji yoyera pa diso limodzi, achibale awo akuwapatsa phala. Namwino wina anayang'ana pepala lathu n'kutiuza mwachifundo kuti madokotala anatiitana katatu, anadikirako, koma anyamuka kale. Anati tikhoza kupita ku Blantyre, kapena kudikira akadzabweranso, ngakhale tsiku sankalidziwa.

Apongozi anathokoza namwinoyo, ndi manja awiri. Kenako anati ali ndi ludzu, tiwapezere tiyi. Tinawatengera m'kanyumba kena ka tiyi pamsika. Mayi wogulitsa anabweretsa makapu ndi mbale ya shuga, ndipo mkazi wanga, monga mwa chizolowezi cha miyezi itatu ija, anakankhira mbaleyo kutali. Apongozi anamva kukhwekhwerezeka kwake patebulo.

"Bweretsa kuno, mwanawe," anatero. "Ika atatu."

"Bambo, shuga wanu."

"Ika atatu."

Mkazi wanga anaika, misozi ikugwera pa nsalu yoberekera mwana. Iwo anavundula okha, nthawi yaitali, n'kumwa mpaka pansi. Ine tiyi wanga anazizira m'kapu.

Pikapu tinakaikoka patapita masiku awiri. Nditamasula alitaneta ndinapeza mabulashi atatha mpaka pa sipuling'i, tizinthu tiwiri tosafika ngakhale chikhadabo. Atsopano ndinawagula ku Mwanza, m'sitolo yachiwiri ija ya kutsidya kwa msewu. Anali ambirimbiri m'kabotolo pa shelefu. Ndinawaika, galimoto inadzuka. Ndinakonzanso nyale ya batire, ndipo sizinanditengere ngakhale theka la tsiku. Kenako ndinachita chinthu chimene bwana wanga wa ku Limbe akanandichotsera ntchito. Ndinazula kafyuluta kaja n'kukaponya m'chimbudzi, ndinabwezera waya wa moto pamene unali, ndinamasula ethi yanga yabwino ija n'kuibwezera pa kabawuti kadzimbiri. Udzudzu unabwerera. Ndinaimika galimoto pafupi ndi khonde, ndinatsegula zitseko zonse, ndinaponda mafuta kuti amve.

"Ndaumva," anatero ali pampando wawo. "Ukulira bwino. Mwasintha mabulashi."

Koma sanakwerenso. Ndikamanyamuka m'mawa ndinkaima pakhonde n'kuwauza kuti mpando wawo ulipo, iwo ankati miyendo ikuwawawa. Za ku Blantyre tinakonza kangapo. Poyamba mvula inadula msewu. Msewu utauma anawayeza n'kupeza shuga wakweranso, chifukwa tiyi wa masupuni atatu sanamusiyenso, ndipo panalibe wolimba mtima kuwaletsa. Kenako anatuluka chilonda kuphazi chimene sichinkapola.

Sanandikalipirepo, ndipo chimenecho ndi chimene chinkandidya. Ndinkalakalaka atanditukwana, atandithamangitsa pamudzi, chilichonse. Mkazi wanga anandikalipira kamodzi kokha, ndipo zimene ananena sindingazilembe pano. Amayi ake anangosiya kundiyankha moni kwa miyezi ingapo. Tsiku lina, chimanga chitayamba kuuma m'minda, ndinakhala pansi pafupi ndi mpando wa apongozi n'kuyamba kupepesa. Ndinangonena mawu awiri atatu, iwo anakweza dzanja.

"Inenso ndinabwera pamudzi pano ngati mkamwini," anatero. "Chaka changa choyamba ndinagwetsa mtengo wa mango wa apongozi anga. Ndinati ukuphimba munda. Zoona zake n'zakuti ndinkafuna aone kuti nkhwangwa ndimaitha. Ndikudziwa mmene zimawawira kukhala wopanda chako." Anatsitsa dzanja lija. "Koma mango aja anali okoma, akamwini. Mpaka lero sindinadyeko ena otero."

Anamwalira nyengo yozizira isanathe. Bokosi lawo ndinalinyamula ine pa pikapu yomweyo, wailesi yozima.

Padutsa zaka tsopano. Galimotoyo ikadalipo, ndipo ndimayendetsabe ine. Nyale ya batire imagwira ntchito, koma sindiiyang'ana kwenikweni, makutu ndi amene amayamba. Ndaphunzira zitunda zonse mmene zimalirira. Anthu akupitirizabe kuitcha ya udzudzu, ndipo dalaivala wa pakamwa uja nthawi zina amandifunsa ngati ndinaiwala ntchito yanga. Ndimangoti eya, ndinaiwala. Anthu ena amabweretsa galimoto zawo kuti ndiwachotsere phokoso lomweli, ndipo ndimachotsa bwinobwino, koma sindigwira waya ngakhale umodzi ndisanaone kuti nyale yawo ya batire ikuyaka ndi kuzima moyenera. Ena amakwiya kuti ndikuwachedwetsa. Akwiye.

Mwana uja ali kusukulu tsopano, ndipo Loweruka amakonda kukwera nane, pampando wa kuwindo. Mphuno yake ndi ya kwa agogo ake, palibenso zokangana. Amadziwa kuti agogo ake aamuna ankamunyamula pakhonde, chifukwa amayi ake amamuuza kawirikawiri. Mwezi wathawu tikutsikira ku Lisungwi ndi matumba a mbatata, tinadutsa m'chigwa chija, pa kamtsinje. Iye ankaimba nawo nyimbo ya m'wailesi, kenako anasiya mwadzidzidzi, monga amachitira ana.

"Ababa, kodi agogo ankati ndine wokongola?"

"Ankati ukulemera."

Anaseka. Kenako anafunsa, "Koma anandiona, eti? Amayi amati anandiona."

Tinali titayamba kukwera chitunda. Ndinatsitsa wailesi mpaka pansi kuti ndimuyankhe bwino, oimba anakhala chete, udzudzu unatsala wokha, ukukwera limodzi ndi injini. Ndinadikira mpaka pamene agogo ake akanati yachitatu, ndinasintha giya.

"Sanakuone, mwanangu," ndinatero. "Anavala tayi kuti adzakuone. Ndine ndinawachedwetsa."